Bokosi la Mlombwa la a Nangozo

Nkhani iyi ndinaimva ndikadali ndi miyendo yoyabwa, pa siteshoni ya Balaka, tsiku lina sitima itatichedwera. Anaisimba ndi mkulu wina wosoka maambulera, uku manja ali pantchito. Dzina lake sindinafunse, ndipo ndimadandaula mpaka lero. Chiyambire pamenepo ndayenda nayo nkhaniyi ku Mchinji, ku Chipata, mpaka ku Tete, poti ndi katundu wosalemera. Senderani kuno.

Kalekale, msewu wathu usanaone phula, kunali a Mtsukwa, mkulu wokonza njinga pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi msika. Mkazi wawo anali a Nangozo, ndipo anali ndi ana atatu: Sinoya woyamba, Ndaziona mwana wamkazi, ndi Tsalani mzime.

A Nangozo anamwalira anawo atakula kale, aliyense ali pakhomo pake. Maliro ataikidwa, m'mawa mwake amayi a pamudzi anafika ndi matsache kudzasesa monga mwa mwambo, kuti phulusa la pamaliro lichoke, zovala za malemu zichapidwe ndi kugawidwa kwa abale. A Mtsukwa anaima pakhomo atatambasula manja.

"Panja sesani," anatero. "Koma m'nyumba muno tsache lisalowe. Mapazi a Nangozo akadali m'fumbimu."

Amayiwo anayang'anizana. Anati ndi chisoni chabe, chitha. Anasesa panja nabwerera kwawo.

Koma sichinathe. Nsalu za a Nangozo zinatsala pachingwe, nsapato zawo kunsi kwa bedi, ndipo bokosi lawo la mlombwa, limene anabwera nalo pokwatiwa, linakhala chitsekere. Tsono dzanja likazolowera kufumbata silisankhanso. A Mtsukwa anayamba kututira m'nyumba zonse za kuntchito: matayala akutha, matcheni adzimbiri, zishalo zong'ambika, masipoko opindika. Akaona chitini panjira, chalowa m'thumba. "Chidzagwira ntchito tsiku lina," ankatero. Zenera linatsekeka, kenako khomo lakuseri. Pomaliza munangotsala kanjira ngati ka mbewa, kochokera pakhomo kukafika pogona.

Alendo analeka kubwera, poti akanakhala pati? Adzukulu ankaopa makoswe. Kupemphera komwe kunawakanika mkuluyo: akati agwade, bondo lagunda pedulo; akati atsinzine, mtima uli pa zitsulo. Chifuwa chosamva mankhwala chinawagwira, tulo tinawathawa, munthu uja nayamba kuuma ngati phesi. Pamsika anthu ankanong'onezana kuti a Nangozo akuwaitana.

Ana anayesa kuwadandaulira. "Bambo, nyumbayi ikuphani."

"Unamanga ndiwe?" Nkhani inkathera pomwepo.

Woyamba kupeza polowera anali Tsalani, amene mudzi wonse unkamudziwa ndi kupempha. M'nyengo yozizira, nyumba ya mayi wina wa khanda inapsa kutsidya kwa mtsinje. Tsalani anafika kwa bambo ake, za zinyalala osatchulako.

"Bambo, ndabwera kudzapempha."

"Iwe unayamba wabwerapo kudzapereka?"

"Lero si zanga ayi. Mayi uja wa kutsidya akufunditsa khanda thumba la feteleza. Amayi akanakhalapo, mukuona ngati bulangeti lawo lofiira lija likanagona m'bokosi?"

A Mtsukwa anadzuka nalowa m'nyumba. Kenako anakwawa pamwamba pa matayala, natsegula bokosi lija koyamba chimwalirire a Nangozo. Anatulutsa bulangeti, nalinunkhiza, nalipereka akuyang'ana kumbali. Patapita masiku, ali pansi pa mango wawo, anaona mayi uja akudutsa, khanda lili kumsana m'bulangeti lofiira, likuyamwa chala. M'chifuwa mwawo china chake chinamasuka, monga amamvera munthu akamasula lamba atakhuta. Tsiku limenelo anagona mpaka tambala anachita kuwadzutsa.

Wachiwiri anali Ndaziona. Atamva za bulangeti, anabwera ndi kamkeka kake nakhala pakhonde. Sanakhudze kanthu. Ankangofunsa. "Bambo, nsalu ya mbalame ili pachingweyo, amayi anaipeza kuti?" Ndiye a Mtsukwa ankafotokoza mmene anaigulira atakonza njinga ya mphunzitsi, mmene a Nangozo anainyozera kuti mbalamezo n'zonga akhwangwala, koma n'kumaivala Lamlungu lililonse. Ankaseka, misozi n'kutsatira pambuyo. Nkhani ikatha, Ndaziona ankati, "Nanga nsaluyi ikakhale kwa yani?" Ndipo iwo ankatchula okha: "Kwa azakhali ako aku Dedza, ankaisirira." Anachita choncho chilimwe chonse, dimba lake likuuma, mwamuna wake akung'ung'udza. Kalikonse ka a Nangozo kanatuluka m'nyumbamo nkhani yake itasimbidwa.

"Ndinkaopa kuti nsalu zikapita, mayi ako apita nazo," a Mtsukwa anamuuza tsiku lina. "Tsopano asamukira m'makutu mwako. Kumeneko njenjete kulibe."

Koma zitsulo zinalibe nkhani. Phiri la dzimbiri linali pomwepo, ndipo nkhalamba yachifuwa sikanatha kulisuntha. Apa mpamene anatulukira Sinoya, wa mawu ochepa ndi mapewa aakulu, ali ndi ngolo yobwereka. Anavula malaya nayamba kutulutsa, bambo ake akumulondola pambuyo.

"Tayala ilo likadali labwino, iwe!"

"Labwino kwa njoka, bambo."

A Mtsukwa anamutukwana, kumutcha wakuba, mwana wopanda mwambo. Iye anangomeza. Chinkhanira chinamuluma kunsi kwa zishalo, dzanja n'kutupa ngati dzungu. Analimanga ndi nsanza napitiriza ndi linalo. Zitsulo zabwinoko anagawira okonza njinga anzawo a bambo ake, zotheratu anakakwirira kudzala. Pomaliza anakankha ndi phewa zenera lija linakhala chitsekere zaka zambiri, kuwala n'kukhuthukira m'nyumba ngati madzi a m'ndowa. Kenako anakaitana amayi aja a matsache, ena akuyendera ndodo tsopano. Anasesa, nazira pansi ndi dothi latsopano. Maliro a a Nangozo anasesedwa tsiku limenelo.

A Mtsukwa analowa naima pakati pa nyumba. Anatsokomola, nyumba n'kuwayankha, iwo n'kuseka okha. Munatsala bedi, mpando, ndowa, kathumba ka masipanala ndi bokosi lija, basi. Chifuwa chinayamba kuphwa. Maondo anapeza pogwada, ndipo pemphero linkayenda ngati njinga yongothira kumene mafuta. Adzukulu ankathamangitsana kuchokera khomo lakumaso kukatulukira lakuseri. Anzawo akale anabwerera ndi bawo, akukangana za njomba mpaka dzuwa kupendeka. Mkuluyo anayamba kunenepa m'masaya.

"Ndinkayesa ndikusunga zinthu," ankawauza anzawowo. "Kani zinthu ndizo zinkandiweta ine, ngati mbuzi ya pachingwe."

Cha a Nangozo chinatsala chimodzi chokha: bokosi la mlombwa lija, lili pakona, mulibe kanthu, koma likununkhirabe sopo amene malemu ankaika pakati pa nsalu. Tsiku lina a Mtsukwa anatola belu la njinga panjira. Pofika kunyumba, anangozindikira dzanja lawo latsegula kale bokosi, belu likulowa. Anadzidzimuka.

"Ho! Kani bokosi lopanda kanthu limamva njala!"

Belulo anakalimangirira pa njinga ya munthu woyamba kudutsa pamango paja, ndipo madzulo ake anaitana ana onse atatu.

"Bokosi la amayi anu lichoke muno lisanandibwezere kumene ndachokera," anatero. "Kulidula patatu sindingathe, lisanduka nkhuni. Ndilipereka kwa amene anandipulumutsa. Nenani ndimve."

Tsalani sanadikire akuluakulu. "Analitsegulitsa bokosilo ndani? Ndikanapanda kupempha ine, achemwali akanakhala pakhondepo mpaka kumera mizu."

"Kupempha n'kugwira ntchito?" anatero Sinoya. "Unakuyamba uli kumsana kwa amayi." Anatambasula dzanja lake. "Bambo, chinkhanira chinaluma yani? Nkhani sizinyamula zitsulo. Mpweya mukupumawu ukulowera pa zenera limene ndinatsegula ine."

Ndaziona anakonza mpango wake kaye. "Achimwene, mukanabwera ndi ngolo yanuyo ine ndisanakhale pakhonde, bambo akanakugendani ndi sipanala. Ndipo mukanawagonjetsa ndi mapewa anuwo, mukanakweza pangolo zitsulo ndi mtima wawo womwe. Inu munasesa nyumba. Ine ndinasesa mwini nyumba."

"Ndiye nonse awirinu mugawane tsache," anatero Tsalani. "Bokosi n'langa."

Onse anaseka, ndi bambo awo omwe. Koma kuseka kutatha, panalibe amene anati, "Mpatseni mnzangayu." Aliyense anali ataika maso pakona paja, poti onse anakula akuona amayi awo akuwerama pa bokosilo, ndipo padziko panalibenso china chonunkhira amayi.

A Mtsukwa anayang'ana Tsalani, nakumbukira khanda la m'bulangeti lofiira. Anayang'ana Ndaziona, nakumbukira akhwangwala a pansalu ndi dimba lija linauma. Anayang'ana Sinoya, nakumbukira mawu oipa amene anamulavulira, iye ali phee ndi dzanja lotupa. Anatsegula pakamwa kuti agamule.

Pamenepa mpamene sitima ija inalira, ife tonse n'kuthamangira malo. Mkulu wa maambulera anatsala pa siteshoni akupinda nsalu zake, ndipo sindinamuonenso. Za woyenera bokosilo ndafunsa anthu m'malole, m'mabasi, m'malo omwera tiyi. Uyu amati wakuti, uyo amati ayi, mpaka ena anatsala pang'ono kumenyana pa Zalewa.

Nanenso ndanyamuka, kusanade kwambiri. Lole ya ku Mwanza ija yaliza injini, ndipo katundu wanga ndi kachikwama aka kokha. Chifukwa chake mwachimva. Tiyi wanga watsalayo wina amwe asazizire. Mlanduwu ndausiya m'manja mwanu. Wina anatsegula dzanja la nkhalamba, wina anapepuza mtima wake, wina anatulutsa phiri m'nyumba mwake. Nanga inu mukanakhala a Mtsukwa, bokosi la a Nangozo mukanamusenzetsa ndani?