Chitupa cha Malemu Yotamu

Esinati Kachingwe anapeza ntchito yaganyu yolemba anthu m'kaundula wa chisankho pasukulu ina ku Mitundu. Tsiku lachitatu kunatulukira bambo Chimbalanga, mwini chigayo, amene ankapikisana nawo pa ukhansala. Anaponya patebulo chitupa cha mkulu wawo Yotamu, yemwe anali atamwalira chaka chapitacho.

"Umulembe ameneyu, voti ndidzamuponyera ndine. Ukakana, ntchito yako yatha lero."

Esinati anasuzumira pamzere n'kuona mayi Nachisale, mkazi wa malemuyo, amene analandidwa chigayocho maliro atangotha.

"Palibe vuto, bwana. Kungoti kuno timayamba taitana dzina." Anaimirira n'kukuwa, "Bambo Yotamu Chimbalanga, bwerani mudzajambulitse!"

Mzere wonse unacheukira bambo Chimbalanga. Mayi Nachisale anamanga chitenje m'chiuno n'kusendera kutsogolo.

"Alamu, kodi amuna anga ali moyo? Ndiye bweretsani makiyi a chigayo chawo!"

"Anafa kale aja!" anakuwa bambo Chimbalanga. "Bokosi ndinagula ndine!"

"Pepani kwambiri, bwana," anatero Esinati, akuwabwezera chitupacho ndi manja awiri. "Akufa sitilemba. Wotsatira!"