Njiri ndi Apongozi M'galimoto ya Mipando Iwiri

Njiri anali mkamwini kwa a Nungu, ndipo chimene ankalakalaka chinali chimodzi: kutenga mkazi wake, Naminga, kuti akakhale naye kwawo pamwamba pa phiri. Mu una wa a Nungu munali mothina, ndipo aliyense m'menemo anali ndi minga. Njiri akati atembenuke ankabayidwa, akati adziwongole ankabayidwa, ngakhale poyetsemula ankayamba wayang'ana uku ndi uku. Koma a Nungu, apongozi ake aakazi, ananenetsa kuti za chitengwa sadzayankha mpaka atakaona ndi maso awo kumene mwana wawo akakhale.

Tsono ulemu wa Njiri unali wosasimbika. Mwambo umati mkamwini asayang'ane apongozi kumaso ndipo asakhale nawo moyandikana, koma iye anawonjezerapo zake. Akangomva a Nungu akutsokomola kuseri kwa nkhokwe, ankagwada, n'kuwomba m'manja, n'kuwerama, eni akewo asanamuone n'komwe. M'maondo mwake ubweya unali utatheratu.

Chaka chimenecho mbatata zinamuyanja, ndipo anagula galimoto yaliwiro, ya mtundu umene amachitira mipikisano. Inali yofiira psu, yopanda denga, yaifupi moti mimba yake inkatsala pang'ono kukhudza pansi. Injini ikalira, nkhuku za m'mudzi zinkaiwala kuikira. Njiri ankapita nayo yekha ku msewu wokhotakhota wa m'phiri, ndipo tisamunamizire, kuyendetsa ankakudziwa.

Tsiku lina Naminga anabwera ndi uthenga. "Amayi akuti miyendo yawo singathe phiri. Akuti muwakweze galimoto mawa, akaone kwanuko."

Njiri anasangalala, kenaka nkhope inagwa. "Mipando ndi iwiri yokha, Naminga, ndipo ndi yogundana. Ine ndikhale phewa ndi phewa ndi apongozi?"

"Inu muzikayang'ana msewu basi. Amayi sakudyani."

"Nanga msewuwo ukakhotera kumene akhala iwoko?"

"Muuyang'ane komweko."

Njiri anapukusa mutu. Naminga anali mkazi wabwino, koma zinthu zina sankazimvetsa.

M'mawa mwake a Nungu anatuluka atatchena, mpango kumutu. Njiri anawatsegulira chitseko ali chogwada, ndipo mayiwo anakhala pampando wa kumanzere. Lamba anayesa kumanga koma ankangokodwa m'minga, mpaka anamutaya. Njiri analowa kumbali yake, n'kupotolera khosi kumanja mpaka linalira, n'kuliza injini.

Poyamba zinthu zinayenda bwino, chifukwa msewu unali wowongoka ndipo diso limodzi linkakwanira. Kenaka anayamba kukwera. Minda inatsala m'munsi, mtsinje unayamba kuoneka ngati ulusi, ndipo mphepo yozizira inabwera ndi fungo la mitengo ya paini. Msewu unkakhota, n'kukhotanso, osapuma.

Makona a kumanja sanavute. Njiri ankawaona bwinobwino ndipo galimoto inkawadya mosalala. Koma pa kona yoyamba ya kumanzere, diso lake linatsatira msewu n'kukumana ndi nsonga ya mpango wa apongozi. Anabweza nkhope msangamsanga, ndipo konayo anaikhota mongoganizira.

Galimoto yaliwiro ikakhotera kumanzere, wokwera amaponyedwera kumanja. A Nungu, opanda lamba aja, anagwera pa mkamwini wawo ndi minga yonse. Njiri anamva ululu kuyambira paphewa mpaka kumchira, koma kukuwa pamaso pa apongozi sikunatheke.

"Pepani, mayi, ndakugundani," anatero Njiri.

"Palibe kanthu, akamwini. Tiyeni nazoni!"

Chimene Njiri sankadziwa n'chakuti a Nungu anali atakomedwa. Moyo wawo wonse anali asanathamangepo kuposa pothawa agalu, ndipo lero mphepo inkawaimbira m'minga. Anayamba kuseka, kuloza uku ndi uku, ndi kufunsa mafunso. Ndipo funso la apongozi siliyankhidwa manja ali chete.

"Akamwini, taonani mathithi awo! Mwawaona?"

Mathithiwo anali kumbali yawo. Njiri, maso ali pa thanthwe louma la kumanja, anasiya chiwongolero n'kuwomba m'manja, phu phu phu. "Ndawaona, mayi. Ngokongola zedi."

Galimoto inapita kumene inafuna. Inalunjika pamwala pomwe anyani ankaothera dzuwa, ndipo anyaniwo anabalalika akutukwana, wina mwana atamugwira chadodolido. Njiri anagwira chiwongolero pa nthawi yake, matayala n'kubwerera pa tala.

"Eee! Mpaka kuyendetsa osagwira!" a Nungu anafuula mokondwa. "Luso limeneli ndi la kwanu?"

"Ndi la kwathu, mayi." Phu phu phu.

Ulendo unapitirira chomwecho. Kona ya kumanja ankapumula, ya kumanzere ankabayidwa, funso likabwera galimoto inkadziyendetsa yokha. Anadutsa m'nkhungu, anatulukira pamwamba pake, mitambo n'kukhala pansi pawo. Mbali ya kumanzere ya Njiri inali itadzaza minga moti wina akanati m'galimotomo muli anungu awiri.

Kenaka anaona kwawo. Madenga anaonekera pamwamba pa mitengo, utsi ukufuka panyumba ya mayi ake, ndipo mtima wake unadzaza chimwemwe mpaka ululu anauiwala. Panatsala kona imodzi yokha, yakuthwa kuposa onse, yokhotera kumanzere. Kutsogolo kwake kunali phompho.

Apo ndi pamene a Nungu anakonza pakhosi.

"Akamwini, ine ndaona. Dziko lanu ndi lokongola, ndipo inu ndinu mwamuna wodziwa zinthu. Mwana wanga mumutenge, ndavomera."

Misozi inalengeza m'maso mwa Njiri. Mawu amenewa anali atawadikira kuyambira tsiku la ukwati, ndipo mawu otere munthu sawalandira atakhala pampando ngati bwana. Anafunika kugwada. M'galimotomo malo ogwadapo analipo amodzi okha, pansi pa chiwongolero.

Anatsetserekera pansipo. Bondo lina linapeza malo pambali pa buleki, koma linzake linatera pomwe amapondapo moto, n'kukanikiza mpaka pansi. Injini inabangula. Njiri anatsinzina, n'kuyamba kuwomba m'manja mwakachetechete, monga amachitira mwana woleredwa bwino.

"Mayi, ine ndilibe mawu. Mwandichitira chinthu chachikulu. Makolo anga akamva..."

"Akamwini, kona!"

"Zikomo kwambiri, mayi."

"Ndati kona! Dzukani muyang'ane kuno!"

"Sindingayerekeze, mayi."

Msewu unakhota wokha, galimoto inapitirira. Inaboola tchire la m'mphepete, inayandama m'malere kwa kanthawi, kenaka inayamba kutsika phiri mwa njira yake. Inadumpha miyala, inathyola timitengo, inadutsanso pa anyani aja amene anali atangokhazikika kumene. Makona onse amene anakwera movutikira anawadumpha osakhota ngakhale imodzi, ndipo pomaliza anagwera m'dimba la m'munsi, m'matope, khuvu!

Njiri anatuluka pansi pa chiwongolero ali wamoyo, matope okhaokha. Pampando wa kumanzere panalibe munthu. Anafuna kuwafunafuna, koma anaopa kuti akawapeza awaona, choncho anangoima n'kumayang'ana zala zake.

"Ndili kuno," mawu anamveka kuchokera m'mwamba.

A Nungu anali ataponyedwa pa thunthu la nthochi. Minga ya kumsana inalowa yonse m'thunthumo, ndipo anali lende, mutu pansi miyendo m'mwamba. Mpango unali pa nthochi ina.

"Ndizuleni, akamwini."

Njiri anawafulatira n'kugwada m'matope. "Ine ndikugwireni ndi manja angawa, mayi? Pepani, sindinaleredwe chomwecho."

Amene anawazula anali anyani, amene anatsika phiri kudzafuna woti amutukwane bwino, koma ataona zimene anaonazo mkwiyo unatha ndi kuseka. Anakoka awiri mwendo uno, awiri mwendo uwo, mpaka mayiwo anazuka, minga yambiri n'kutsala m'nthochi. Kumsana kwawo kunatsala mbee ngati nkhuku yosusula.

Ataima pansi, anazungulira n'kukaima kutsogolo kwa Njiri. Iye anatembenuka ali chogwada. Anazunguliranso, iye anatembenukanso. Potsiriza analankhula ndi nkhongo yake.

"Ulemu wanu ndauona, akamwini. Watsala pang'ono kundiika m'manda. Mwana wanga sakwera phiri ili, ndipo mawu aja ndabweza."

Njiri anakweza maso kuyang'ana pamwamba pa phiri. Utsi wa panyumba ya mayi ake unkaonekabe, kutali kwambiri, ndipo anamva chisoni chimene sanachimvepo chibadwire. Analira osatulutsa mawu. Ali mkati molira anakumbukira kuti apongozi alankhula ndipo sanayankhidwe, choncho anawomba m'manja.

"Zikomo, mayi."

Galimoto inatsala m'matope momwemo, ndipo achule anagawana mipando. Njiri anabwerera ku una wa a Nungu wapansi, akutsimphina patali kumbuyo kwa apongozi ake. Mpaka lero akukhala momwemo, ndipo polowa amalowa chafutambuyo kuopa kukumana nawo maso. Choncho minga imayamba kumulandira kumbuyo.

Phunziro: Ulemu ndi wabwino, koma uli ndi malo ake. Ukanyamula munthu, ulemu woyamba ndi kuyang'ana kumene ukupita kuti umufikitse wamoyo. Kugwada ukagwade mutafika.