Zala Zagolide za Dafuleni

Nkhani iyi, ana inu, ndimati ndikaikumbukira mtima umandiwira, choncho mukandimva ndikukweza mawu musadabwe.

Pa msika wa pa Mphambano panali bambo wina wokazinga tchipisi dzina lake Dafuleni. Chiwayacho chinali cha mayi Nasibeko, koma kwa zaka khumi ndi chimodzi anthu ankangoti, “Tiyeni kwa Dafuleni.” Tsiku lina akuthandiza mlamu wake kuchigayo, lamba anamukoka dzanja lamanja n’kumudula zala zitatu zapakati. Ndi ziwiri zotsalazo sakanathanso kugwira chipande chachitsulo chovuulira mbatata m’mafuta.

Mayi Nasibeko sanali munthu wouma mtima, koma nawonso ankadyera pachiwaya pomwepo. “A Dafuleni,” anatero, “malo anu ndawasunga miyezi itatu. Loweruka lomaliza la mwezi uno mubwere mudzayese. Zikakanika musandide, ndiika wina.” Dafuleni anali ndi ana anayi, ndipo ntchito ina sankaidziwa.

Kenaka anamva kuti m’tauni muli ofesi ya bungwe lina komwe katswiri wina, Wyson Mpasula, amapanga zala zoikirira pogwiritsa ntchito makina. Makinawo ndi kabokosi kokhala patebulo. Amameza ulusi wapulasitiki, kuusungunula, n’kumauyala mzere pamwamba pa mzere mpaka chinthu chitaumbika.

Dafuleni atalowa anaona mikombero ya ulusiwo itandandalikidwa pashelefu. Kwa iye kusiyana kwake kunali kwa mitundu basi, pomwe ulusi uliwonse uli ndi khalidwe lake. Wotchedwa PLA suvuta kuumbira zinthu ndipo umatuluka wosalala, koma ndi wamantha ndi kutentha, moti madzi a tiyi okha amaufewetsa. Wa PETG umalimbako mtima. Wa nayiloni ndi wamakani, umafuna kuwumitsidwa kaye ndipo umachedwetsa ntchito, koma chitsulo chotentha suchithawa msanga. Zonsezi Wyson ankazidziwa ngati dzina lake, ndipo n’chifukwa chake ine sindimukhululukira.

Anatenga choyezera n’kuyamba kuyeza dzanja lija, maso ali pakompyuta.

“Achimwene,” anayamba Dafuleni, “ntchito yangatu ine ndi ya…”

“Madala, zimenezo tisiyireni ife. Tambasulani dzanja.”

“Ndimati mwina mudziwe kuti…”

“Musagwedezeke, mundisokoneza manambala.”

Dafuleni anameza mawu ake. Anaganiza kuti munthu wosafika sitandade faifi sangaphunzitse ntchito mwini makina, ndipo ulemu woterewu wapweteketsa anthu ambiri kwathu kuno. Wyson anatembenukira kushelefu, dzanja lake n’kudumpha nayiloni, n’kudumpha PETG, n’kukatera pa PLA wonyezimira ngati golide. Akuluakulu a bungwe lake anali kubwera ndi makamera, ndiye ankafuna chinthu chotuluka msanga komanso chowala pachithunzi. Anayeza dzanja mpaka kachidutswa ka milimita, koma kuti dzanjalo limagwira chiyani tsiku lonse, sanafunse ngakhale kamodzi.

Patapita masiku atatu zala zinatuluka, ndipo kunena zoona zinali zokongola. Zinali ndi timaulusi tomangirira pamkono, moti Dafuleni akapinda dzanja, zala zinkafumbata. Kunyumba ananyamula kapu, ananyamula jekete, anagwira khasu, ndipo misozi inalengeza m’maso. Anauza mkazi wake kuti ana sasiya sukulu.

Loweruka lija linali la mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Dafuleni anakoleza nkhuni, mafuta anayamba kuwira, ndipo makasitomala akale anadzaza kudzaona zala zagolide. Wyson anafika ndi alendo ake atavala taye, n’kumauza anthu kuti apatuke asatchinge kamera.

Mbatata zoyamba zinavuulidwa bwinobwino, anthu n’kuwomba m’manja. Zachiwiri chimodzimodzi. Koma chipande chinali kutentha pang’onopang’ono, ndipo pulasitiki samva kuwawa kuti achenjeze mwini wake. Dafuleni atanyamula chipande chodzaza kachitatu, anangoona zala zija zikutambasuka zokha ngati kandulo. Anayesa kufumbata, sizinamvere. Chipande chinagwera m’chiwaya kuti khuvu! Mafuta anathovokera pamoto, malawi anakwera mpaka kudenga la chisakasa, ndipo ena anatayikira paphazi la mayi Nasibeko. Anthu anabalalika, mbatata zili mbwee m’fumbi.

Dafuleni anangoima, akuyang’ana zala zake zitalendewera. Ndipo taonani Wyson! M’malo mothamangira mayi wopsa uja, anathamangira kamera.

“Awa azigwiritsa ntchito molakwika,” anauza alendo. “Pulasitiki wanga ndi wolimba ngati fupa. Onani.”

Anathothola chala chimodzi padzanja la Dafuleni n’kuchiluma kuti aonetse kulimba kwake. Mano analowa onse. Pulasitiki wofunda uja anamatirira m’mano, ndipo katswiri wathu anayamba kulimbana naye, akutafuna, akukoka, akulavula, taye ili pambali. Atatha kulankhula, mawu ake anali atachepa.

“Komatu madala, mukanandiuza kuti mumagwira ntchito pamoto, ndikanaika nayiloni. Ndili naye pashelefu pompaja.”

Dafuleni, munthu amene anali asanakwezepo mawu pamsikapo, anakalipa.

“Achimwene, munandifunsa? Kawiri konse ndinatsegula pakamwa, inu n’kunditseka. Munayeza dzanja langa ngati thabwa. Kodi mumayesa zala n’zojambulitsa?”

Mayi Nasibeko anali atakhala pansi, phazi lili m’beseni la madzi. Analoza Wyson n’kunena mokweza kuti msika wonse umve: “Muoneni Safunsa uyo, wadya phula!” Anthu anaseka, alendo analongedza makamera awo osatsanzika, ndipo dzinalo linamukakamira Wyson kuposa pulasitiki uja.

Musaganize kuti nkhani inathera pa kuseka. Patatha milungu iwiri Wyson anabweretsa zala zina za nayiloni, zotuwa, zosakongola, ndipo zimenezo zinagwira chipande chotentha popanda vuto. Koma zinapeza malo atapita. Mayi Nasibeko, phazi lili m’bandeji, anali ataika munthu wina Lolemba lotsatira Loweruka lija, monga ananenera. Dafuleni anapatsidwa mpando kuseri kwa chisakasa, kumasenda mbatata zoti akazinge mnzakeyo, ndipo mwana wake woyamba anasiya sukulu chaka chomwecho.

Umu ndi momwe mwambi uja unakhazikikira pa Mphambano, wakuti safunsa anadya phula. Akuluakulu ena adzakuuzani kuti unayamba ndi mlendo amene anapatsidwa chisa cha njuchi, ndipo pochita manyazi kufunsa kadyedwe kake, anameza phula n’kusiya uchi. Sindikutsutsana nawo, tanthauzo lake ndi limodzi. Munthu wodziyesa wodziwa zonse, kapena woopa kuoneka mbuli, amasankha cholakwika pomwe choyenera chili pafupi, ndipo funso limodzi likanamupulumutsa.

Inu amene mudzagwire makina amenewa, musanatambasule dzanja kushelefu, funsani mwini chinthu. Chikakhala padzuwa kapena m’nyumba? Chikakhudza moto, madzi, mafuta? Chikanyamula cholemera bwanji? Mayankho akewo ndi amene amasankha ulusi, osati maso anu. Ndipo inu amene mukupangiridwa chinthu, wina akakutsekani pakamwa, tsegulaninso kachitatu.

Chimene chimandipsetsa mtima n’chakuti mwambiwu umangonena za wosafunsayo, osatchula amene sanafunsidwe. Wyson phula lake analavula tsiku lomwelo n’kukatsuka m’kamwa. Dafuleni akutafunabe lake mpaka lero, kuseri kwa chisakasa, ndi mpeni wosendera mbatata m’manja.