Dalaivala Amene Anazimitsa Injini Pamaso pa Njovu

Panali munthu wina, a Ngozo, amene tsiku lina dzuwa linawakwerera ali m'matope mpaka m'mawondo, akukumba pansi pa galimoto ndi fosholo. Ntchito yawo inali yoyendetsa alendo m'nkhalango yosungira nyama kuti akajambule zithunzi, ndipo m'mawa umenewo galimoto inali itatitimira padambo. Anakumba, anadula nthambi n'kuyala kutsogolo kwa matayala, analiza injini kambirimbiri mpaka batire inafooka. Mwamwayi panadutsa anthu okonza msewu. Iwowa anakankha mpaka galimoto inatuluka n'kulira, kenako anapitiriza ulendo wawo. A Ngozo anadziwa kuti ikazimanso, siliranso popanda woikankha.

Mlendo wawo anali bambo wachikulire wa m'tauni, amene anagula kamera yaikulu atapuma ntchito. Pa matope paja sanadandaule. Anagwira nawo fosholo, anagawana nawo madzi akumwa. Ankangofuna chinthu chimodzi: chithunzi cha njovu ndi mwana wake, choti akapachike kunyumba.

Kumene a Ngozo ankagwira ntchitoko kunali lamulo limene dalaivala ankauzidwa asanapatsidwe kiyi. Njovu ikakhala ndi mwana, ima patali, galimoto iloze kothawira, injini isazime.

Masana anapeza njovu ndi mwana wake zili pamthunzi wa mitengo ya tsanya. Kamwana kanali kang'ono zedi, kakupunthwa pakati pa miyendo ya mayi wake. Mlendo anatsamiritsa kamera pachitseko, anajambula, anayang'ana, anapukusa mutu. Galimoto inali kunjenjemera, zithunzi zonse zinali kutuluka zosaoneka bwino.

"Achimwene, tazimitsani pang'ono chabe," anatero monong'ona. "Ine ndakalamba, kuno sindidzabweranso."

A Ngozo anamukumbutsa za batire. Mlendo anavomera, anati akumvetsa, n'kuika kamera pamiyendo. Sanakakamize. Anangokhala duu, maso ali pa kamwana kaja.

Kukhala chete kumeneko ndiko kunawalemera a Ngozo. Iwo anakulira pakhomo pamene mlendo samanidwa kanthu, pamene nkhuku yotsala yokha imaphedwa ndipo mwini nyumba amagona pansi. Uyunso anali wamsinkhu wa bambo awo, matope a galimoto yawo ali mbuu m'malaya mwake. Akanakhala munthu wokalipa, kumukana kukanakhala kosavuta.

"Jambulani msanga, bambo."

Anapotoza kiyi, kunangoti zii.

Kamera inalira, inaliranso. Phokoso la injini litatha, kamwana kaja kanataya mantha, kanayamba kusendera kugalimoto kakununkhiza. Mayi wake anacheuka. Sanakupize makutu ngati wongoopseza. Anapinda chitamba, anatsitsa mutu, anauyamba kulunjika kugalimoto.

A Ngozo anapotoza kiyi. Injini inatsokomola kamodzi n'kutonthola.

Mlendo anali mbali imene njovu inali kudzera. A Ngozo anatsegula chitseko, anadumpha, anavula malaya n'kuwakupiza m'mwamba uku akukuwa, kenako anathamangira kuchulu chimene chinali chapatali. Njovu inasiya galimoto, inatsata munthu. Inawapeza asanafike pachulupo. Inawasiya pokhapokha pamene mwana wake analira m'mbuyo.

Inu amene mukundimva, ulemu ndi wabwino, ndipo ine sindinganyoze zimene makolo athu anatiphunzitsa. Koma pantchito iliyonse pali chinthu chimene woyenera kuchikana ndi iwe wekha, chifukwa chili m'manja mwako. Munthu waukali ambiri timadziwa kumuyankha. Amene amatigwetsa ndi munthu wabwino, wopempha mofatsa, amene nkhope yake yogwa sitingathe kuipirira. Gwadani ngati mukufuna kugwada, pepesani kawiri, koma kanani. Kukhumudwa kwa mlendo kumatha akangofika kwawo.

Mlendo uja sanakandike n'komwe. Anabwera kuchipatala akulira, akuti cholakwa chinali chake, ndipo a Ngozo anamuyankha kuti kiyi anapotoza ndi iwo. A Ngozo anatuluka m'chipatalamo ndi mwendo umodzi, ndipo chiwongolero sanachigwirenso.