Tsiku limene mgolo wa apongozi unakhala chete

Kuseri kwa nyumba inayake kuli kashedi koumbira makapu ndi mbale, ndipo m'kashedimo muli mgolo wosalola anthu kumvana. Ukayamba kuzungulira ndi gubudu gubudu, ngati wina akugubuduza miyala padenga la malata. M'kati mwake amathiramo mapale a mbale zosweka, miyala yoyera, madzi, ndi timipira tolimba kwambiri tonga mazira a nkhuku. Timipirato timakwera ndi mgolo, tikafika pamwamba n'kugwera pa mapale, kukwera n'kugwa, masiku awiri athunthu, mpaka zonse zisanduke phala losalala lomwe amaviikamo makapu asanalowe mu uvuni kuti atuluke akunyezimira.

Eni ake a zonsezi ndi mayi ena aafupi, osaseka pachabe. Makina oyezera alibe. Amangoviika chala m'phalamo, kadontho n'kukaika pakati pa mano akutsogolo. Akamva kamchenga ngakhale kamodzi, mgolo ubwerere pantchito.

Ndiye mayiwa ali ndi mkamwini. Mkuluyu kale ankakonza njinga zamoto, n'chifukwa chake aliyense amangomuti Sipanala, ngakhale mkazi wake akapsa mtima. Galaja itatsekedwa, apongozi anamulandira kushedi, koma ntchito imene anamupatsa inali ya panja: kampando, hamala, ndi mulu wa mapale oti aziphwanya. Miyezi itatu, anzanga. Munthu woti ankamasula injini yonse n'kuibwezera osatsala nati ndi imodzi yomwe, lero akuswa mbale ngati mwana amene wamanidwa switi. Kiyi wa kachipinda ka mgolo ankalendewera pa chingwe m'khosi mwa apongozi, ndipo Sipanala ankamuyang'ana kiyiyo monga galu amayang'anira fupa lili m'manja mwa mlendo.

Lolemba lina m'mawa, Sipanala anatopa nazo. Ananena mokweza, telala woyandikana nawo ali pompo, kuti masiku awiri si kupera koma ulesi wa makina, ndipo iye atapatsidwa mpata ntchito yonseyo itha dzuwa lisanalowe. Mkazi wake anamutsina pamsana, iye anangosuntha n'kubwerezanso mawu omwewo.

Apongozi anavula chingwe chija pang'onopang'ono.

"Bambo, mgolowu ndinayamba kuuzungulitsa inu musanamere ndevu. Koma poti mwalankhula pagulu, nayu kiyi. Phala la makapu oti awotchedwe Lachitatu lili m'katimo. Likadutsa pa mano angawa pofika faifi koloko, kiyi ndi wanu mpaka kalekale. Likapanda kudutsa, hamala ija muipezere dzina, ndiye mwana wanu woyamba."

Sipanala sanachedwe. Anamasula kagudumu kakang'ono ka pa mota kamene kamakoka lamba wa mgolo, n'kumangapo chigudumu chachikulu chimene anakatola pa zitsulo zotayidwa, kuti mgolo uzithamanga kwambiri. Atayatsa, mgolo unati gubudu, gubudu, gubu, kenako unangoyamba kulira mosalala ngati fani. Phokoso lonse lija zii.

Mkuluyo anatuluka chifuwa chili patsogolo. Anauza aliyense kuti wachiza matenda awiri ndi jakisoni mmodzi, kuchedwa ndi phokoso. Telala anabweranso kudzamugwira chanza, ati kwa nthawi yoyamba chisamukireni wamva wailesi yake ikulankhula. Apongozi anangotchera khutu kukachipindako, n'kupitiriza kusalaza chogwirira cha kapu.

Masana mkazi wake anabwera ndi kachidebe kodzadza madzi. Anaima patsogolo pake, n'kukazungulitsa mwamphamvu ndi mkono, kudutsa pamwamba pa mutu, katatu konse.

"Madzi atayika?" anafunsa mkaziyo.

"Sanatayike."

"Nanga timipira tanu m'menemo tikugwa, kapena tangomatirira kukhoma n'kumakwera matola?"

Apa Sipanala anacheukira kukachipinda kuja. Makaniko ndi makaniko, nkhaniyo anaimvetsa kadontho komaliza kasanaume pa chigongono cha mkazi wake. Timipira tikapanda kugwa, palibe chophwanya kanthu. Nthawi inalipo yobwezera kagudumu kaja n'kupepesa. Koma telala anali pampanda akumvetsera, apongozi ali pakhomo. Ndiye anayankha kuti chidebe si mgolo, ndiponso iye sanakwatire injiniya. Analowa m'kachipinda muja n'kukamangitsanso lamba, kuti aliyense amve kuti sipanala ikugwira ntchito.

Faifi koloko itakwana anazimitsa mota, n'kutsegula chivindikiro. M'katimo munali madzi otuwa, timipira tili phee, ndi mapale ali momwe analowera. Kaphale kena kankaonekabe duwa la pa mbale, masamba ake onse osachoka ndi limodzi lomwe.

Apongozi anatambasula chala kuti aviike, koma Sipanala anatchinga ndi mkono.

"Pepani amayi, mano anuwo atopa, amamva mchenga ndi mu tiyi momwe. Ndiyesa ndekha."

Sanatenge kadontho ayi. Anatunga supuni yodzadza, ya pansi penipeni, n'kuponya m'kamwa akuyang'ana apongozi m'maso. Analuma. Kulira kwake ndi telala yemwe anakumva ali kuseri kwa mpanda.

"Zasalala," anatero Sipanala, misozi ikulengeza.

"Lavulani," mkazi wake anatero.

"Ndati zasalala."

"Lavulani, bambo inu, musanameze."

Analavulira m'dzanja. Pakati pa timapale panali kanthu koyera kamene sikanachokere pa mbale iliyonse. Apongozi anakatola, anakayang'anitsitsa pa kuwala kwa zenera, n'kukabwezera m'dzanja la mwini wake mwaulemu wonse.

"Chaphwanyika lero ndi ichi chokha," anatero, n'kutambasula dzanja lina. Kiyi anabwerera m'khosi mwake.

Makapu a Lachitatu anawotchedwa Lachisanu, ndipo amene anapita kukapepesa kwa mwini lesitilanti yemwe ankawadikira anali mkazi wa Sipanala, nkhope ili pansi. Kagudumu kakang'ono kaja anakabwezera yekha Sipanalayo, koma mpaka lero amanenetsa kuti anangokachotsa kuti akatsuke.

Mukadutsa kumeneko mudzamupeza pa kampando kake panja, hamala ili m'manja, akuimba mluzu wosafuna kudzera pa mpata wa dzino lija. Apongozi akamadutsa amaloza hamala ija n'kufunsa kuti mwana wadzuka bwanji, iye amayankha kuti akukula bwino, zikomo. Mukamuputa adzakuuzani kuti nzeru yake inali yolondola, kungoti timipira tam'menemo n'taulesi. Adzalankhula mokuwa, chifukwa kumbuyo kwake mgolo uli gubudu gubudu, mosafulumira, monga unkachitira iye asanamere ndevu.

Mgolo wa Sipanala unathamanga tsiku lonse osapuma, koma madzulo unapezeka uli pomwe unayambira. Akuluakulu sanalakwe ponena kuti kuthamanga sikufika.