Buku Linati Kuseri kwa Njanji Musapiteko

Panali munthu wina, telala wa pamsika wa kumudzi. Mkazi wake, Maligita, anamwalira mwana wawo mmodzi yekhayo, Esinala, asanakwatiwe. Pamaliro paja munthuyu analonjeza, anthu onse akumva, kuti mdzukulu wake wamkazi woyamba adzamutcha Maligita, kuti dzinalo lisathere kumanda.

Esinala anakwatiwa, napita ndi mwamuna wake kumzinda waukulu. Patapita zaka anaimba foni kuti wabereka mwana wamkazi. Anati mchombo ukagwa mwanayo atuluka m'chikuta Loweruka, ndipo bambo ake abwere adzamutche dzina. Anawonjezera kuti palibe wina amene atchule dzinalo koma iwo.

Telalayu anali asanapondeko mumzindamo. Ndiye tsiku la msika anapeza buku pamulu wa mabuku akale, pakati pa wogulitsa kaunjika ndi wogulitsa usipa. Linali buku lolondolera alendo mumzinda womwewo, lachingerezi, lazithunzi zowala. Chingerezi cha kusukulu anali nachobe, choncho analigula.

Ine bukulo sindikulida ayi. Linali ndi mapu. Linanena pokwerera basi, pogona potchipa, ndi malo oyenera kukaona. Koma tamverani zimene linamuchita munthu wamkulu ndi imvi zake.

Makina anawasiya. Mayunifolomu a ana a eni ake anaunjikana pabenchi, iye mphuno ili m'buku. Misewu anaiwerenga mpaka kuiloweza asanaione. Anayamba kutsutsa ngakhale anthu amene anakhalako mumzindamo. Wina akati depoti ili kumunsi kwa mlatho, iye ankati ayi, buku likuti kumtunda. Anasoka kathumba kapadera mkati mwa jekete, koikamo bukulo. Kadiresi ka mdzukulu anakasoka komalizira, mothamanga, mpendero wake n'kukhota. Telala, eti!

Ulendo anaukonza bwinobwino: nyumba yosungiramo zinthu zakale, munda wa maluwa, nsanja ya wotchi. Atatha zonsezo m'pamene anakumbukira kufufuza dera limene Esinala ankakhala, lotchedwa Kuseri kwa Njanji. Analipeza kumapeto, timizere tochepa. Buku linati mlendo asapiteko, kuli akuba, ngalande zake n'zonunkha, ndipo kulibe choona.

Kulibe choona! Kumene kuli mwana wako, kumene kuli mdzukulu wako wa masiku ochepa, munthu wosakudziwa n'komwe walemba kuti kulibe choona, iwe n'kumagwedeza mutu kuvomereza. Abale, ndikafika pamenepa mtima umandipsa. Koma telalayo anapinda ngodya ya tsambalo kuti asaliiwale.

Anafika mumzinda Lachisanu. Sanapite kwa mwana wake. Anakagona kunyumba ya alendo imene buku linaiyamikira, ndipo ali komweko anaimbira Esinala kuti mawa abwere naye mwanayo kumunda wa maluwa, dzina akamutchera kumeneko.

Esinala anayamba waseka, poyesa kuti bambo ake akungocheza. Atamva kuti si zocheza, anawafotokozera mofatsa. Khanda lotere salikweza minibasi, kukapanikizana ndi anthu osawadziwa. Iyenso thupi linali lisanalimbe. Komanso amayi apafupi anali ataphika kale thobwa, nkhuku itamangidwa miyendo, anthu ataitanidwa. Anati asadandaule za njira, awatumizira mwamuna wake adzawatenge.

Loweruka m'mawa mkamwini uja anafikadi. Ananjuta pakhonde, chipewa chili m'manja, nalonjera apongozi ake mwaulemu. Anati minibasi ili pafupi, chikwama anyamula yekha, ndipo kuchokera potsikira kukafika kunyumba sikutali.

Telalayo anapisa dzanja m'jekete. Anatulutsa buku, natsegula tsamba lopindidwa lija, naloza ndi chala, namuuza mkamwini kuti awerenge yekha. Mnyamata wa eni ake anawerenga. Anawerenga za kwawo, kumene amalipira lendi, kumene mkazi wake wagona ndi khanda, kuti n'kwa akuba ndi kununkha. Mkamwini sakangana ndi apongozi. Anangobweza bukulo ndi manja awiri.

"Bambo, ifetu timagona komweko," anatero.

"Amene analemba bukuli ayenda dziko lonse," anayankha telalayo. "Mubwere naye kumunda wa maluwa mwanayo." Anabwezera buku m'kathumba kake, namanga mabatani a jekete.

Mkamwini anabwerera yekha.

Nanga telalayo anapita kuti? Kunyumba ya zinthu zakale, monga mwa ndondomeko yake. Ndipo mukuganiza kuti anaonako chiyani? Khasu. Mtondo ndi munsi. Lichero, mphasa, nkhali yamwaye, zonse zitatsekeredwa m'magalasi. Zinthu zomwezo zimene anazisiya kuseri kwa nyumba yake, zina mwina zabwino kuposa zimenezo. Anaima pamenepo manja kumbuyo, akugwedeza mutu ngati wamva zanzeru. Munthu kukwera basi tsiku lonse kudzaona mtondo, mdzukulu wake ali pafupi pomwepo!

Atatuluka anakakhala pabenchi m'munda wa maluwa, kadiresi kali m'jumbo pamiyendo, maso ali kugeti. Foni inalira. Anayankha kuti ali kumunda wa maluwa, akudikira. Inaliranso, yankho lomwelo. Kenako inaleka kulira, ndipo iye anaganiza kuti ndiye kuti Esinala wanyamuka ndi mwana.

Kuseri kwa Njanji anthu anali atakhala pamphasa kuyambira m'mawa. Dzuwa likasuntha, iwo ankasunthanso mphasa kutsata mthunzi. Pakhonde panali mpando umodzi wokha wotsamira, woikira agogo a mwana. Mpandowo anaubwereka kwa mayi Velonika, wogulitsa makala wa nyumba yoyandikana nayo. Mayi ameneyu ndiye anamuperekeza Esinala kuchipatala matenda atayamba. Ndiye ankamutungira madzi, kumuchapira matewera, kumuphikira phala, chifukwa Esinala mayi analibe. Tsiku limenelonso ndiye ankayenda ndi ndowa ya thobwa, kupepesa alendo kuti agogo ali m'njira. Mpando unakhala wopanda munthu, ndipo Esinala ankalira m'nyumba.

Telalayo anakhala pabenchi paja mpaka mlonda anamuuza kuti akutseka geti. Anabwerera kogona ali wokwiya, akung'ung'udza kuti ana a masiku ano alibe ulemu.

Lamulungu m'mawa anapita kudepoti. Mkamwini anamupeza komweko, atanyamula chigubu cha thobwa chimene Esinala anatumiza kuti bambo ake azimwa m'njira. Taonani mwana ameneyu: amuchititsa manyazi pamaso pa anthu, iye akuganizabe za ludzu la bambo ake. Telalayo analandira chigubu mosayamika kwenikweni, natulutsa jumbo lija.

"Mukamuveke Maligita," anatero.

Mkamwini anayang'ana pansi. "Kwathu kulibe Maligita, bambo. Mwana anatchulidwa dzulo. Ndi Velonika."

Anafotokoza mwachidule, mopanda mwano. Dzuwa litapendeka, anthu atayamba kudzuka kuti azipita, Esinala anatuluka ndi mwana. Anayang'ana mpando uja, napukuta misozi, napereka mwanayo m'manja mwa mayi wogulitsa makala. Anati amene wabwera ndiye atche. Mayiyo anakana kaye, koma anthu atamukakamiza anamupatsa mwanayo dzina lake lomwe, ndipo amayi analulutira.

Kondakitala anali akuitana. Telalayo anakwera basi, buku likumudina pachifuwa. Nsanja ya wotchi anaiona, maluwa anawaona, nkhope ya mdzukulu wake sanaione. Dzina la Maligita linatsala kumanda kuja.

Tsono mverani, inu mwakhala apa. Bukulo silinalembe kuti usakaone mwana wako. Linalembedwera alendo, anthu opanda wawo mumzindamo, ongodzaona n'kubwerera. Munthu uja sanali mlendo. Anali bambo, koma anasankha yekha kuyenda ngati mlendo, ndipo anabwerera ngati mlendo.

Musamuseke msanga. Ambiri a inu muli nalo buku lotere, kungoti lanu si lapepala. Ndi zimene munamva kuti dera lakuti n'la mbava, banja lakuti n'losalongosoka, mtundu wakuti sakwatirako. Munapinda tsamba limenelo kalekale, ndipo m'bale wanu amagona komweko. Wakuitanani kangati? Mwamuuza kangati kuti abwere iyeyo kumene kuli bwino?

Nyamukani mupite sabata ino. Mpando akuikirani kale pakhonde, koma ndi wobwereka, ndipo mwini wake adzautenga.