Mbuzi ya Makwacha Awiri

Bwana Kachingwe, mwini esiteti ya fodya, anasirira mbuzi yonenepa ya tenanti wake, Nankhoma.

"Bambo ako ankagulitsa mbuzi kwa bambo anga pa paundi imodzi," anatero. "Masiku amenewo paundi inali makwacha awiri. Nawa. Ukakana, usamuke pano."

Nankhoma anagwada n'kulandira ndi manja awiri. "Pangano la makolo saphwanya, bwana. Mawa ndibwera nayo."

M'mawa mwake, matenanti atadzaza pa sikelo ya fodya, Nankhoma anatulukira atasenza chikopa cha mbuzi chakalekale, chothothoka ubweya, chogonera agalu. Anachiyala pamapazi pa bwanayo.

"N'chiyani chimenechi?" anakalipa Kachingwe, anthu akudzitsina kuti asaseke.

"Mbuzi yanu, bwana. Za nthawi ya paundi yatsala ndi yomweyi. Muimangirire bwino, ndi yothawathawa."